Thandizo la boma ndi msonkho wobwezedwa: dziwani khomo loti mugogode

Kuno ku Angónia anthu amadziwa kulima. Chimanga, nyemba, soya, mbatata ya kachewere ndi fodya wa kuno zimafika kutali. Koma si nyumba iliyonse imene ili ndi munthu wamphamvu wogwira khasu. Pali agogo amene akulera okha adzukulu. Pali abambo amene matenda anawagoneka. Pali ana amene akulera ana anzawo makolo atamwalira. Anthu otere lamulo la dziko lathu linawaikira thandizo. Palinso anthu ogwira ntchito amene amadulidwa msonkho wopitirira muyezo, ndipo lamulo limalola kuti abwezeredwe.

Ndalama zimenezi sizibwera zokha pakhomo. Zimafuna kuti munthu apite, afunse, alembetse. Ambiri amaziphonya chifukwa alibe chiphaso, kapena sadziwa ofesi yoyenera, kapena amaopa kulowa m'chipinda chimene anthu akulankhula Chipwitikizi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Werengani tsamba lino pang'onopang'ono. Mawu a Chipwitikizi tawasiya monga momwe mudzawaonere pa zitseko ndi pa mapepala, kuti mukafika kumeneko muwazindikire.

Ndi ufulu wanu, si mphatso

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, pa ndime 95, amanena kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wothandizidwa ikakalamba kapena ikalephera kugwira ntchito. Mu 2007 boma linakhazikitsanso lamulo nambala 4/2007, lonena za chitetezo cha anthu pa umoyo wawo.

Pali mabungwe atatu amene muyenera kuwasiyanitsa, chifukwa anthu ambiri amawasokoneza.

Loyamba ndi INAS, Instituto Nacional de Acção Social. Limathandiza anthu osauka kwambiri. Simusonkha kanthu kuti mulandire thandizo lake.

Lachiwiri ndi INSS, Instituto Nacional de Segurança Social. Limasunga ndalama zimene ogwira ntchito amasonkha mwezi ndi mwezi, kuti adzalandire akadzakalamba kapena akadwala.

Lachitatu ndi AT, Autoridade Tributária. Limatolera msonkho, ndipo ndi lomwe limabweza msonkho umene wapitirira. Anthu ambiri amangoti ku Finanças.

INAS ndi INSS akusiyana chilembo chimodzi chokha, koma ndi makomo awiri osiyana. Thandizo lochokera m'mabungwe amenewa si la mfumu, si la chipani, si la munthu amene walemba dzina lanu. Ndi ndalama za dziko. Choncho palibe amene ayenera kukuuzani kuti mumugawire chifukwa anakuchitirani chifundo.

Chiyambi cha zonse ndi chiphaso

Ofesi iliyonse imayamba ndi funso limodzi: kodi muli ndi chiphaso? Kuno kwathu funso limeneli ndi lolemera. M'zaka za nkhondo anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Malawi, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992. Mapepala ambiri anapsa kapena kutayika, ndipo ana ambiri anabadwira kothawako osalembedwa m'kaundula.

Ngati simunalembedwe, pitani ku Registo Civil, ofesi yolembera obadwa. Munthu wamkulu amaloledwa kulembetsa ngakhale zaka zapita. Tengani mboni ziwiri zokhala ndi ziphaso zawo, kalata ya mfumu kapena ya secretário do bairro, ndi pepala lililonse losonyeza zaka zanu, monga khadi la ubatizo kapena la kuchipatala. Ngati munabadwira ku Malawi makolo anu ali othawa nkhondo, nenani zoona. Lamulo lili ndi njira yolembera ana a nzika za Mozambique obadwira kunja.

Mukalandira kalata ya kubadwa, pitani ku Identificação Civil kukapempha BI, Bilhete de Identidade. Poyembekeza BI adzakupatsani kapepala kotchedwa talão. Kasungeni bwino.

Chenjerani ndi kalembedwe ka dzina. Dzina limodzi limatha kulembedwa Chimwemwe pa pepala lina, Chimuemue pa pepala lina. Kompyuta imaona ngati ndi anthu awiri. Musanachoke pa tebulo, werengani dzina lanu chilembo ndi chilembo, komanso tsiku lobadwa. Cholakwika chikonzedwe pomwepo.

Amayi, lembetsani mwana akangobadwa. M'miyezi yoyambirira kulembetsa n'kwaulere. Mukachedwa mumalipira.

Thandizo la mwezi ndi mwezi

Thandizo lodziwika kwambiri la INAS ndi PSSB, Programa de Subsídio Social Básico. Anthu ambiri amati ndalama za okalamba. Linayamba mu 1990 ngati thandizo la chakudya m'mizinda, kenako linafalikira kumidzi. Bungwe la INAS linakhazikitsidwa mu 1997.

Ndani angalandire? Ndi anthu a m'mabanja osauka kwambiri amene sangathe kudzipezera zofunika: okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, anthu olumala, odwala matenda okhalitsa amene sangathenso kugwira ntchito, ndi ana ena ovutika, monga amasiye ndi ana amene akuyendetsa okha banja.

Dziwani kuti zaka zokha sizikwanira. Agogo amene amalandira penshoni, kapena amene ali ndi chuma chowakwanira, salowa m'gulu limeneli. Ogwira ntchito ku INAS amayang'ana zinthu ziwiri pamodzi: umphawi wa banja, ndi kusowa kwa mphamvu zogwirira ntchito.

Ndalama zake zimatengera chiwerengero cha anthu a m'nyumba. Malinga ndi mlingo umene unaikidwa mu 2018, pa mwezi zili motere:

Munthu mmodzi: 540 MT.
Anthu awiri: 640 MT.
Anthu atatu: 740 MT.
Anthu anayi: 840 MT.
Anthu asanu kapena kuposa: 1,000 MT.

Zilembo za MT zikuimira meticais. Ndalamazi n'zochepa, sizingadyetse banja mwezi wonse. Koma kwa agogo amene alibe kolowera, ndi sopo, mchere, mafuta ophikira, chigayo ndi kope la mdzukulu. Chifukwa chake polembetsa tchulani anthu onse amene amadya m'nyumba mwanu, ngakhale khanda. Mukaiwala adzukulu awiri, mungataye 200 MT kapena kuposa mwezi uliwonse.

Njira yolembetsera

Choyamba, pezani permanente wa INAS wa m'dera lanu. Ameneyu ndi munthu wa m'mudzi momwemo amene anasankhidwa kuti azilumikiza anthu ndi INAS. Ngati simukumudziwa, funsani a nyakwawa, a mfumu kapena secretário do bairro.

Chachiwiri, mufotokozereni za banja lanu ndi kumuonetsa chiphaso. Ngati BI mulibe, onetsani chimene muli nacho, monga cédula pessoal kapena khadi lovotera, uku mukuyendera BI.

Chachitatu, ngati mukupempha chifukwa cha kulumala kapena matenda, pitani kuchipatala kuti akuyezeni ndi kukupatsani kalata. Mawu a pakamwa okha sakwanira.

Chachinayi, ogwira ntchito ku INAS amabwera kudzaona pakhomo. Amafunsa za anthu a m'nyumba, munda, ziweto ndi kumene mumapeza chakudya. Yankhani zoona. Musabise mbuzi, musabwereke ana a kwa aneba. Bodza likadziwika, dzina limachotsedwa. Komanso musachite manyazi kunena kuti mumagona ndi njala ngati zilidi choncho.

Chachisanu, dzina likavomerezedwa mumapatsidwa khadi la wolandira thandizo.

Ngati m'mudzi zinthu sizikuyenda, muli ndi ufulu wopita nokha ku SDSMAS, Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social, ku Ulónguè, n'kufunsa wogwira ntchito za Acção Social. A ku Dómuè angayambe kufunsa ku ofesi ya posto administrativo, kuti asataye ndalama ya ulendo pachabe.

Kulembetsa sikutanthauza kuti mwezi wamawa mulandira. Ndalama zimene boma limaika pa chaka n'zochepa poyerekeza ndi anthu ofunika thandizo, ndipo ambiri amadikira pa mndandanda. Lembani m'kope tsiku limene munalembetsa ndi udindo wa amene anakulembani. Pakapita miyezi ingapo, pitani mukafunsenso.

Tsiku lolandira

Ndalama za PSSB nthawi zambiri zimachedwa, ndipo zikabwera zimabwera za miyezi ingapo pamodzi. Apa ndi pamene masamu amene mukuphunzira akugwira ntchito.

Musanasaine kapena kudinda chala, funsani kuti: "Kodi ndi za miyezi ingati?" Kenako werengani. Tiyerekeze kuti m'nyumba muli anthu atatu, ndipo akulipira miyezi itatu. 740 kuphatikiza 740 kuphatikiza 740 ndi 2,220 MT. Ngati m'manja mwanu muli 2,000 MT, pakusowa 220 MT. Nenani pomwepo, pamaso pa anthu. Mukachoka pamalopo n'kovuta kutsimikiza.

Musadinde chala pa pepala lopanda manambala. Musapereke khadi lanu kwa munthu wina kuti akusungireni, ndipo musaliike chikole pa ngongole ya kugolosale. Ngati wolandira sangathe kuyenda, pemphani a INAS kuti alembe munthu wokhulupirika woti azimulandirira. Wolandira akamwalira, kauzeni a permanente. Kupitiriza kulandira m'dzina la womwalira ndi mlandu. Ngati anasiya ana amasiye, pemphani kuti banjalo liunikidwenso.

Kumene malipiro amabwera pa foni, nambala yachinsinsi ya PIN ndi yanu nokha. Musaiuze wogulitsa mayunitsi, musailembe kumbuyo kwa foni.

Thandizo lina la INAS

Ngati banja ndi losauka koma lilipo ndi munthu wamphamvu, khomo lake ndi PASP, Programa de Acção Social Produtiva. Anthu amagwira ntchito zothandiza dera, monga kukonza misewu ya dothi, kulambula ngalande ndi kubzala mitengo. Amagwira maola 4 pa tsiku, masiku 4 pa sabata, kuti nthawi ya kumunda isaonongeke. Kumidzi ntchitoyi imakhala ya miyezi 4 pa chaka, ndipo mlingo wa 2018 unaika malipiro a 1,050 MT pa mwezi. Sifika m'dera lililonse chaka chilichonse, choncho muzitchera khutu pa misonkhano ya m'mudzi.

Palinso PASD, thandizo la pa vuto lapadera. Limapereka zinthu monga chakudya, mkaka wa khanda limene mayi ake amwalira kapena sangathe kuyamwitsa, njinga ya olumala ndi ndodo zoyendera. Limathandizanso mabanja amene agweredwa ngozi monga madzi osefukira. Kawirikawiri njira yake imayambira kuchipatala kapena ku SDSMAS. Ngati m'mudzi mwanu muli khanda lamasiye, musadikire kuti liwonde. Pitani nalo msanga.

Zimene simuyenera kulipira

Thandizo lina silibwera ngati ndalama m'manja. Limabwera ngati ndalama imene simutulutsa.

Lamulo la maphunziro la 2018 limati m'sukulu za boma mwana aphunzire kwaulere kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9. Mwana sayenera kubwezedwa kunyumba chifukwa makolo alibe ndalama yolembetsera.

Msonkho wa pamutu, umene kumidzi umatchedwa IRN ndipo m'tauni ya Ulónguè umatchedwa IPA, ndi wa anthu a zaka 18 mpaka 60. Amene apitirira zaka 60 salipira. Amene alephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda kapena kulumala amakhululukidwanso. Onetsani chiphaso kapena kalata ya kuchipatala. Inu amene mumalipira, nthawi zonse landirani lisiti.

Lamulo nambala 3/2014 limateteza okalamba. Limati azithandizidwa poyamba m'zipatala ndi m'maofesi. Agogo sayenera kuima pamzere tsiku lonse.

M'zipatala za boma katemera wa ana, mankhwala a chifuwa chachikulu ndi ma ARV n'zaulere.

Palinso kalata yotchedwa atestado de pobreza, yotsimikiza kuti munthu ndi wosauka. Imayambira kwa mfumu kapena secretário, n'kudindidwa ku ofesi ya boma. Imathandiza popempha kuti akukhululukireni malipiro ena, komanso popempha loya waulere.

Inu amene munagwirapo ntchito yolembedwa

Anthu ambiri a kuno anagwirapo ntchito m'makampani a fodya, m'migodi ya malasha ku Moatize, m'misewu, m'masitolo kapena ya ulonda. Ngati munalembedwa mwalamulo, mwezi uliwonse ku INSS kumayenera kupita 7 pa 100 iliyonse ya malipiro anu. Inu mumadulidwa 3, abwana amaonjezera 4. Pa malipiro a 8,000 MT, inu mumadulidwa 240 MT, abwana amaika 320 MT, zonse pamodzi 560 MT.

Ndalama imeneyi si msonkho, ndipo sibwezedwa mukasiya ntchito. Imasungidwa m'dzina lanu. Imapereka thandizo mukadwala, mayi akabereka, mukalumala, ndi penshoni mukakalamba. Malinga ndi malamulo a 2017, penshoni yathunthu imayamba pa zaka 55 kwa amayi ndi zaka 60 kwa abambo, ngati munasonkha miyezi 240. Amene anasonkha miyezi yosachepera 120 angalandire penshoni yochepetsedwa. Miyezi ya m'makampani osiyanasiyana imaphatikizidwa, ngakhale ya ntchito ya nyengo. N'chifukwa chake nambala yanu ya INSS ikhale imodzi moyo wonse. Mukapeza ntchito yatsopano, perekani nambala yomweyo.

Pitani ku INSS ndi khadi lanu mukafunse miyezi imene inalowa. Zimachitika kuti munthu amadulidwa koma ndalama osafika. Ndi bwino kuzidziwa mudakali pa ntchito kusiyana ndi kudzazidziwa imvi zitamera.

Amayi amasiye, tamverani. Ngati amuna anu ankasonkha ku INSS, inu ndi ana mungakhale ndi ufulu wa ndalama ya maliro, ndalama ya imfa, ndi penshoni ya otsala, pensão de sobrevivência. Tengani kalata ya imfa, certidão de óbito, makalata a kubadwa a ana, ndi umboni wa banja lanu. Pitani msanga, chifukwa zopempha zimenezi zili ndi nthawi yake.

Wolandira penshoni ayenera kuonekera chaka chilichonse pa prova de vida, kutsimikiza kuti ali moyo. Akapanda kutero penshoni imaimitsidwa.

Odzigwirira okha ntchito, monga alimi, akalipentala, osoka ndi ogulitsa pamsika, amaloledwanso kulembetsa ku INSS ndi kumasonkha okha 7 pa 100 ya ndalama imene anena kuti amapeza.

NUIT ndi msonkho

NUIT ndi nambala ya manambala 9 imene AT imapereka kwa munthu aliyense. Kupeza NUIT n'kwaulere. Mumangopita ndi chiphaso chanu. Ena amaopa kuti akatenga NUIT ayamba kulipitsidwa msonkho. Si zoona. Msonkho umatengera ndalama zimene mumapeza, osati nambala. NUIT imafunika potsegula akaunti ku banki, polembedwa ntchito, ndi popempha kubwezeredwa msonkho.

Msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza umatchedwa IRPS. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2014 linaika kuti 225,000 MT zoyamba pa chaka sizidulidwa msonkho umenewu. Pa tebulo la chaka chomwecho, wolembedwa ntchito amene malipiro ake safika 20,250 MT pa mwezi sadulidwa IRPS. Malamulo a msonkho amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho mukapita ku Finanças funsani mlingo wa chaka chino.

Tengani kapepala kanu ka malipiro, recibo de salário. Pezani mzere wolembedwa INSS ndi mzere wolembedwa IRPS. Ngati malipiro anu ali pansi pa mlingo koma pa IRPS pali nambala, funsani kaye amene amakonza malipiro kuntchito kwanu. Akapanda kukonza, tengani timapepalato ku Finanças kapena ku Inspecção do Trabalho.

Ochita malonda ang'onoang'ono ali ndi msonkho wawo wosavuta, ISPC, umene unayamba mu 2009. Lamulo la chaka chimenecho linaika 3 pa 100 ya zimene mwagulitsa. Pa malonda a 50,000 MT, msonkho ndi 1,500 MT. Linakhululukiranso amene malonda awo ndi ochepa kwambiri. Musanayambe kulipira, funsani gulu limene malonda anu ali.

Ndani angabwezeredwe msonkho?

Kubwezeredwa msonkho kumatchedwa reembolso. Kumachitika pamene ndalama imene munadulidwa m'chaka yaposa msonkho umene munayenera kulipira.

Amene zimawakhudza kwambiri ndi amisiri ndi ena ogwira ntchito ya kontrakiti: omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo, omasulira chilankhulo. Kampani kapena bungwe likamalipira munthu wotere, lamulo limati lidule 20 pa 100 n'kutumiza ku AT m'dzina lake.

Tiyerekeze mmisiri womanga amene anagwira ntchito ku bungwe lina, ndipo chaka chonse anayenera kulandira 100,000 MT. Bungwelo linadula 20,000 MT, iye n'kulandira 80,000 MT. Ngati analibe ndalama zina, zimene anapeza zili pansi pa 225,000 MT. Ndiye kuti 20,000 MT ija angathe kuipempha kuti ibwerere. Imeneyo ndi ndalama ya feteleza ndi mbewu.

Kuti zitheke, chitani izi. Perekani NUIT yanu kwa okulipirani musanayambe ntchito. Sungani kapepala ka malipiro alionse. Kumayambiriro kwa chaka chotsatira, pemphani kwa okulipiraniwo kalata yosonyeza ndalama zonse zimene anakulipirani ndi zimene anadula. Kenako pitani ku Finanças mukadzaze fomu yotchedwa Modelo 10, mwezi wa Epulo, Abril, usanathe. Lembani zonse zimene munapeza, osabisa. Khalani ndi akaunti ya ku banki ya dzina lanu, chifukwa ndi kumene ndalama imalowa. Pomaliza, pemphani kope la fomu yanu lodindidwa chidindo ndi tsiku.

Kubwezeredwa kumatenga nthawi, chifukwa AT imayamba yatsimikiza kuti ndalama inafikadi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha si kukhala chete. Muzipita ndi kope lanu lodindidwa lija kukafunsa pamene pafika nkhani yanu.

Dziwaninso msonkho umene subwezedwa. IVA, msonkho wa 16 pa 100 umene uli m'kati mwa mtengo wa katundu wambiri wa m'sitolo, subwerera kwa wogula wamba. Wina akakuuzani kuti boma likubweza IVA ya zimene munagula, akufuna kukuberani.

Chenjerani ndi akuba

Pamene pali ndalama za osauka, afisi sasowa. Zizindikiro zawo ndi izi.

Amatumiza uthenga pa foni wonena kuti mwasankhidwa kulandira thandizo, koma muyambe mwatumiza ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. INAS, INSS ndi AT sapempha ndalama mwa njira imeneyi.

Amabwera m'mudzi ndi kope, n'kumalemba mayina pa mtengo wa nkhuku kapena 100 MT. Kulembetsa ku INAS n'kwaulere.

Amaima pakhomo pa ofesi n'kunena kuti akufulumizitsirani mapepala. Inu lowani nokha m'kati. Ngati pali cholipira, mtengo wake uzikhala wolembedwa poonekera, ndipo mulandire lisiti la boma.

Amapempha BI yanu kuti apite nayo. BI isagone kwa munthu wina. Ngati pakufunika fotokope, pitani nokha, chiphaso chibwerere m'thumba mwanu.

Akakukanani kapena akakuchitirani zosayenera

Kukanidwa si mapeto. Funsani mwaulemu kuti: "Kodi chifukwa chake n'chiyani? Ndibweretse chiyani?" Nthawi zambiri chimasowa ndi pepala limodzi. Ngati Chipwitikizi chikukuvutani, pemphani kuti akufotokozereni m'Chichewa, kapena pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira.

M'maofesi a boma mumakhala buku la madandaulo, livro de reclamações. Muli ndi ufulu wolembamo. Lembani tsiku, chimene munapempha, ndi chimene chinachitika. Ngati wina wakupemphani chiphuphu kapena wadula ndalama zanu, kanenani ku Procuradoria ya m'boma lanu. Ngati nkhani ikufuna loya ndipo mulibe ndalama, pitani ku IPAJ, bungwe la boma limene limathandiza osauka pa milandu kwaulere.

Mutu umodzi susenza denga. Ngati vutolo lakhudza anthu ambiri, pitani pamodzi, kapena litengereni ku msonkhano wa conselho consultivo wa m'dera lanu. Dandaulo la anthu khumi limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Ntchito ya sabata ino

Inu amene mukuphunzira kuwerenga muli ndi chida chimene aneba anu ambiri alibe. Yambani ndi nyumba yanu. Sonkhanitsani mapepala onse a banja: ma BI, makalata a kubadwa, khadi la INSS, NUIT, malisiti. Aikeni m'pulasitiki yosalowa madzi, pamalo pamene chiswe ndi mbewa sizifika. Onani ngati mayina alembedwa mofanana. Lembani m'kope amene alibe chiphaso.

Kenako yang'anani m'mudzi mwanu. Ndani wapitirira zaka 60 ndipo alibe womuthandiza? Ndani ali ndi mwana wolumala amene sanalembedwe? Ndi mayi uti wamasiye amene amuna ake ankagwira ntchito pa kampani? Awerengereni tsamba lino. Aperekezeni kwa permanente kapena ku ofesi. Tsiku lolandira imani pafupi ndi agogo, muwerenge nawo ndalama asanadinde chala. Musalandire kanthu pa thandizo limeneli, ndipo musasunge khadi la munthu.

M'kalasi, yesani ndi aphunzitsi anu kulemba dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, ndi dzina la mudzi wanu monga momwe zilili pa BI. Mafomu onse amene tatchula pano amayamba ndi zinthu zitatu zimenezi.